Mtima umadyera m'mbale yomweyo: mafunso ndi mayankho pa matenda a kadyedwe ndi mtima

Mafunso ali pansipa ndi amene ife ogwira ntchito kuchipatala timawamva kwa makolo, kwa aphunzitsi a m'sukulu zogonera komweko, ndi kwa atsikana eni ake kuno ku Angónia, komanso kwa ena ochokera ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Moatize. Ena amafunsira pa benchi anthu akumva, ena amadikira kuti mzere uthe kenako n'kunong'ona. Mawu ndawakonza pang'ono, koma nkhawa zake ndazisiya monga zinabwerera.

Kodi matenda a kadyedwe ndi chiyani? Si kungotaya chilakolako cha chakudya basi?

Ayi. Wodwala malungo amakana nsima chifukwa mkamwa mukuwawa, ndipo akachira amapempha yekha phala. Wa matenda a kadyedwe njala amaimva ndithu, koma maganizo ake ndi amene amamuletsa, kapena amamuchititsa kudya m'njira yovulaza thupi.

Odziwika kwambiri alipo atatu. Anorexia ndi pamene munthu akudzimana chakudya dala poopa kunenepa, nthiti zikuwerengeka koma iye akayang'ana pagalasi akuona mafuta. Bulimia ndi pamene munthu amadya chakudya chambiri nthawi imodzi osatha kudziletsa, kenako manyazi n'kumugwira, n'kukadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Achitatu ndi a kudya mopyola muyeso mobisa, mobwerezabwereza, koma osadzisanzitsa. Dzina loti anorexia nervosa analipereka dokotala wa ku London, William Gull, mu 1873, ndipo bulimia anaifotokoza Gerald Russell mu 1979. M'Chichewa mulibe mawu amodzi otchulira matendawa, ndipo chinthu chopanda dzina sichivuta kubisa. Pakhomo amangoti mwana uyu ndi wosankha ndiwo, kapena akudzimva.

Nanga mtima ukulowa bwanji pa nkhani ya m'mimba?

Mtima ndi mnofu, waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo umagunda nthawi pafupifupi 100,000 pa tsiku osapuma. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya nkhokwe yake. Limamaliza mafuta, kenako limalowa m'minofu: ya ntchafu, ya mikono, ndi ya mtima womwe. Silisiya mtima chifukwa ndi wofunika. Khoma la mtima limapyapyala, zipinda zake zimachepa, ndipo magazi amene umapopa pa kugunda kumodzi amachepanso.

Izi zinaonekera bwino pa kafukufuku wa ku Minnesota, ku America, mu 1944 ndi 1945. Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi, odzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Mitima yawo inachepa kukula, ndipo kugunda kunatsika kufika cha m'ma 35 pa mphindi. Anali anyamata a mphamvu zawo, opanda matenda ena alionse. Njala yokha ndi imene inachita zimenezo.

Pali zina zimene zimatsatira. Mtima ukafota, zitseko za pakati pa zipinda zake sizifota nawo, choncho chimodzi chimatha kulendewera ngati chitseko cha pa felemu yofwamphuka, osatseka bwino. Madzi amathanso kudzadza m'kathumba kamene kamakuta mtima. BP imatsika, ndipo munthu akadzuka pa mphasa mwachangu maso amachita mdima. Koma chimene chimapha mwadzidzidzi kawirikawiri si kufota kwa mnofu. Ndi kusokonekera kwa mchere wa m'magazi umene umayendetsa magetsi a mtima, ndipo ndifotokoza pansipa.

Mwana wanga amathamanga m'mawa uliwonse. Mtima wogunda pang'onopang'ono si chizindikiro choti ndi wolimba?

Funso ili landipusitsapo inenso, choncho ndichedwapo pang'ono.

N'zoona kuti osewera mpira ndi othamanga amakhala ndi mtima wogunda mofatsa, chifukwa ndi wamphamvu ndipo kugunda kumodzi kumakankha magazi ambiri. Koma mtima wa munthu wodzimana chakudya umafatsa pa chifukwa china: thupi likusunga mphamvu, monga mmene mayi amachepetsera nkhuni pamoto mu February nkhokwe ikaoneka pansi. Manambala amatha kufanana, tanthauzo lake n'losiyana.

Kusiyanitsa kwake sikufuna makina. Mugonekeni mwanayo kwa mphindi zisanu. Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, padzanja pake mmunsi mwa chala chachikulu, ndipo werengani kugunda kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pa foni. Musagwiritse chala chanu chachikulu, chili ndi kugunda kwakekwake. Kenako aimirire, kapena ayende kukafika pa nkhokwe n'kubwera, muwerengenso. Mtima wolimba umakwera pang'ono chabe. Mtima wanjala umadumpha, mwina kuchoka pa 45 kufika pa 90, ndipo mwanayo amagwira khoma chifukwa cha chizungulire.

Munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Wachinyamata amene waonda ndipo masana ukugunda pansi pa 50 afunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Pansi pa 40 n'ngozi yoti musadikire kuti kuche. Usiku akagona umatsikanso kuposa pamenepo, nthawi imene palibe akumuyang'ana. Chinanso: mwana woonda chotere mtima wake ukamathamanga ali chikhalire, musasangalale kuti wakwera. Nthawi zambiri ndiye kuti pali matenda ena alowa, kapena mtima wayamba kulephera.

Wanga sanaonde n'komwe, masaya ali bwinobwino. Koma mng'ono wake akuti amasanza akatha kudya. Pali choopsa?

Chilipo, ndipo sikelo siingakuuzeni. Ambiri odwala bulimia thupi lawo limaoneka la munthu wamba.

M'magazi muli mchere wotchedwa potaziyamu. Ndi umene umathandiza mtima kubwerera m'malo ukagunda, kuti ugundenso m'ndondomeko. Mlingo wake woyenera uli pakati pa 3.5 ndi 5.0. Munthu akamasanza tsiku ndi tsiku amataya madzi ndi asidi wa m'mimba, ndipo impso poyesa kusunga madzi zimataya potaziyamu wambiri mu mkodzo. Mankhwala otsegula m'mimba amamutaya kudzera m'chimbudzi. Mapiritsi okodzetsa, monga furosemide amene atsikana ena amatola pa mankhwala a agogo a BP, amamutayanso mwachangu. Tiyi wochepetsa mimba amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp nthawi zambiri ndi mankhwala otsegula m'mimba ovekedwa dzina lokoma. Sachotsa mafuta. Amachotsa madzi ndi mchere, sikelo n'kutsika kwa tsiku limodzi.

Potaziyamu akatsika pansi pa 3.0 munthu amafunika mankhwala, ndipo pansi pa 2.5 moyo uli pa chiswe. Mtima umayamba kuphonya, kudumphadumpha, ndipo nthawi ina umangonjenjemera osapopa magazi. Munthu amagwa pomwepo. Choipa chake n'choti ena amayenda ndi potaziyamu wotsika chotero akuseka, akupita kusukulu, osamva kanthu kupatula kufooka kwa miyendo ndi kukokana kwa minofu usiku.

Masaya amene mukuwayamikirawo muwayang'anenso. Kusanza kawirikawiri kumatupitsa tiziwalo ta malovu m'munsi mwa makutu, nkhope n'kuoneka yodzadza ngati munthu wanenepa. Onani mano akutsogolo ngati ayamba kuperepeseka mkati, onani kuseri kwa dzanja ngati pali zipsera pamene mano amakhula polowetsa zala kukhosi. Onaninso ngati amanyamuka msanga pa mphasa aliyense asanasambe m'manja, n'kulowera kuchimbudzi kapena kuseri kwa khola.

Kwa okhala mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, October ndi November ndi miyezi yoyipa kwambiri pa vuto ili. Kutentha kumapyola madigiri 40, thukuta likuchotsa madzi ndi mchere pamwamba pa zimene kusanza kwachotsa kale.

Alipo munthu wodziwika amene anafa nazo, kapena mukungotiopseza?

Woimba wa ku America Karen Carpenter anamwalira pa 4 February 1983 ali ndi zaka 32, mtima utalephera chifukwa cha anorexia imene anadwala zaka zambiri. Imfa yake ndi imene inachititsa anthu ambiri kumva dzina la matendawa koyamba. Pakati pa matenda a maganizo, anorexia ili m'gulu la amene amapha kwambiri. Ambiri amafa ndi mtima ndi zovuta zina za thupi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amene amwalira amadzipha yekha. Choncho mwana akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musamuyankhe ndi chibwana.

Awa si matenda a azungu? Kuno kunenepa ndi ulemu.

Ndi ulemu kwa ife a msinkhu wa makolo. Mkazi akanenepa pa banja timati mwamuna akusamala. Koma mwana wanu wa zaka 15 maso ake ali pa foni, ndipo zimene akuona pa TikTok si zimene mumaona inu pa chinamwali.

Ku Fiji kunalinso chimodzimodzi: thupi lodzadza linali lokongola, ndipo mlendo ankakakamizidwa kudya mpaka kukhuta. Wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Dokotala Anne Becker anafunsa atsikana a sukulu chaka chimenecho ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe wodzisanzitsa kuti achepetse thupi. Atafunsanso mu 1998, oposa 11 pa 100 alionse anavomera kuti amachita zimenezo. Zaka zitatu zokha.

Chimene chimabisa matendawa kuno ndi china. Mtsikana akaonda, mudzi wonse umaganiza za kachilombo. Kuchipatala timamuyeza HIV, TB, shuga, njoka za m'mimba, ndipo n'koyenera kutero chifukwa amenewa ndi amene amaondetsa anthu ambiri kuno. Cholakwika chimachitika zotsatira zonse zikatuluka zabwino: banja limapuma, limathokoza Mulungu, n'kubwerera kunyumba ndi mavitamini. Palibe amene wamufunsa mwanayo, ali yekha chitseko chotseka, kuti: kodi ukuopa kunenepa? Umadzisanzitsa? Dzulo unadya chiyani kuyambira m'mawa?

Mwana wanga amasala kudya chifukwa cha mapemphero. Ndimuletse?

Kusala kwa mpingo kuli ndi poyambira ndi pothera, anthu amasala limodzi ndipo amamasula limodzi. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene ena akamasula iye akupitiriza, masiku n'kumawonjezeka, thupi n'kumatha, ndipo mukamupatsa chakudya amachita mantha kapena ukali. Ku Ghana ofufuza anayeza atsikana 668 a sekondale, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2004, n'kupeza khumi amene anaonda moopsa chifukwa chodzimana okha chakudya. Sankanena za kunenepa. Ankanena za kudziletsa ndi za chipembedzo. Mtima suona chifukwa chimene munthu akusalira. Kambiranani ndi abusa kapena ansembe, ambiri amamvetsa ndipo mawu awo mwanayo amawamva kuposa anu. Amene wayamba kale kukomoka kapena amene msambo waima asasalenso.

Agogo ake akuti tingomukhazika pansi, timuphikire nkhuku ndi nsima yambiri, adye tikuona. Si njira yake imeneyo?

Chikondi chake n'choona, koma kwa munthu amene watha milungu akudya pang'ono kwambiri, mbale imeneyo ingamuphe.

Ndinaonapo zimenezi pafupi. Mtsikana wa ku sukulu ina yogonera komweko anabwera kunyumba pa tchuthi cha pakati pa chaka, nyengo yozizira, atavala majuzi awiri, zala zili zii ngati madzi a m'mtsuko, pamikono patamera tiubweya tofewa. Agogo ake atamuona analira. Anapha tambala, anaphika nsima ya ufa woyera, mbatata, tiyi wa shuga wambiri, thobwa, n'kukhala pambali pake. "Idya mayi, idya, mbale iyere." Mtsikanayo poopa kukhumudwitsa agogo anadya, masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi mapazi anatupa mpaka patapata kukana kulowa, akagona chagada mpweya umamuthera, ndipo anayamba kuyankha zosagwirizana. Anafika naye pa njinga yamoto amalume ake atamugwira kumbuyo. Agogowo anaima pakhomo la wodi atagwira m'chiuno. "Anamwino, mwana anayamba kudya bwinobwino. Ndiye chalakwika n'chiyani?" Anapulumuka, koma zinatenga masiku.

Chimene chimachitika ndi ichi. Thupi la njala limakhala litatha mchere wake wa mkati, makamaka fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu, ngakhale m'magazi ukuoneka ngati ulipo. Chakudya cha ufa ndi shuga chikalowa chambiri mwadzidzidzi, thupi limatulutsa insulini wambiri, ndipo insuliniyo amakokera shuga m'maselo pamodzi ndi mchere wotsalawo. M'magazi mumatsala mopanda kanthu. Mtima, umene unafota kale, umasowa fosifeti wopangira mphamvu pa nthawi yomwe thupi layamba kusunga madzi ndi kuuwonjezera katundu. Vitamini B1 nayenso amatha msanga. Ngoziyi imakonda kugwa m'masiku asanu oyambirira.

Amayi amene anagonapo ndi mwana ku wodi ya ana onyentchera akudziwa kale nkhaniyi, kungoti sanaimve ndi dzina. Mwana wotupa sapatsidwa phala tsiku loyamba. Amayamba ndi mkaka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Amayi amadandaula kuti tikumumana mwana. Timatero pofuna kuteteza mtima. Kwa mtsikana wa anorexia lamulo ndi lomwelo: chakudya ndiye mankhwala, koma chimakwezedwa mwa ndondomeko, magazi akuyezedwa, ndipo woonda kwambiri ayambire kuchipatala. Ngakhale dripi amamuika mosamala, chifukwa madzi othamanga amatha kumiza mtima wofooka.

Musamve ngati ndikuti asadye. Amene akudyabe kangapo pa tsiku ndipo sanafooke apitirize kudya pamodzi ndi banja. Chenjezoli ndi la amene watha sabata kapena kuposa akungolawa.

Ndi zizindikiro ziti zoti tinyamuke lero lomwe?

Kukomoka, ngakhale kamodzi, ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino. Kupweteka pachifuwa. Mtima kugunda mophonya kapena kuthamanga popanda chifukwa. Kubanika pogona kapena poyenda pang'ono. Kutupa mapazi. Kulephera kudzuka pamene wanjuta popanda kugwira pansi ndi manja. Kusokonezeka mutu, kukomoka kogwedezeka, kusanza magazi. Kugunda kwa pansi pa 40, kapena kukana chakudya ndi madzi omwe. Pa izi pitani ku Banco de Socorros, kumene amalandira odwala mwadzidzidzi, musakhale pa mzere wa odwala wamba.

Tikafika kuchipatala tinene chiyani, ndipo akachita chiyani?

Nenani zoona zonse, ngakhale zochititsa manyazi. "Akudzimana chakudya kuyambira mwezi wakuti, amasanza kangapo pa tsiku, amamwa tiyi uyu." Tengani paketi ya tiyiyo, mapiritsi onse amene mwawapeza m'chikwama, ndi mankhwala a zitsamba ngati alipo. Mukangoti waonda, adzayezedwa za kuonda, n'kubwerera.

Adzamuyeza kulemera ndi msinkhu, kutentha kwa thupi, shuga, kugunda kwa mtima ndi BP atagona komanso ataimirira. Zofunika ziwiri zimene mungapemphe ndi ECG, imene imajambula magetsi a mtima pa pepala, ndi kuyeza mchere wa m'magazi. Ku Centro de Saúde ya kumudzi izi sizipezeka nthawi zonse, choncho pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete. Funsaninso za técnico de psiquiatria kapena psicólogo, amene amaona za matenda a maganizo, chifukwa kukonza mchere popanda kukhudza maganizo ndi kukolopa m'nyumba denga likudontha. Achinyamata angayambire ku SAAJ, mbali ya chipatala yothandiza achinyamata, kumene amalankhula momasuka popanda makolo, ndipo mwana amene akusowa womuuza angaimbe 116, Linha Fala Criança, kwaulere.

Pa ECG madokotala amayang'ana kwambiri kampata kotchedwa QT, nthawi imene mtima umatenga kukonzekera kugunda kotsatira. Potaziyamu ndi maginiziyamu akachepa kampataka kamatalika, ndipo pali mankhwala wamba amene amakatalikitsanso: kwinini, eritromicina, azitromicina, ciprofloxacina, haloperidol, ndi ena oletsa kusanza. Paokha kwa munthu wathanzi savuta kwenikweni. Pa mtima wanjala akhoza kukhala udzu womaliza pa mtolo. Sindikuti wodwala malungo akane mankhwala, malungo amapha msanga kuposa pamenepo. Ndikuti wolemba mankhwala adziwe za kadyedwe ka wodwalayo, ndipo musamugulire mapiritsi pa msika.

Nthochi ndi kachewere si zili ndi potaziyamu? Sitingangomupatsa zimenezo?

Zili naye, pamodzi ndi nyemba, mapeyala, mbatata, nkhwani ndi bonongwe, ndipo kuno ku Angónia ndi ku Tsangano sitisowa. Zimathandiza munthu amene wasiya kusanza. Kwa amene akusanzabe sizingakwanire, ndipo potaziyamu wotsika kwambiri amakwezedwa ndi mankhwala, magazi akuyezedwa. Musagule mapiritsi a potaziyamu panokha, akachuluka amaimitsanso mtima.

Achibale akuti analodzedwa, tipite naye kwa asing'anga.

Sindilowerera pa chikhulupiriro cha banja lanu. Chimodzi chokha ndikupemphani mogwada: asamwetsedwe mankhwala osanzitsa kapena otsegula m'mimba oti achotse choipa. Kwa mwana amene mchere wake watsika kale, kusanza kwa usiku umodzi kungakhale komaliza. Yambani mwayezetsa mtima.

Mlamu wanga ndi woyembekezera ndipo amadya dothi la pa chulu. Zikugwirizana ndi nkhaniyi?

Zikugwirizana, ngakhale chiyambi chake n'chosiyana. Kulakalaka dothi, makala kapena choko madokotala amakutcha pica, ndipo kawirikawiri kumayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Dothilo limatchinganso ayironi wa m'chakudya kuti asalowe bwino, ndipo limatha kubweretsa njoka za m'mimba. Magazi akachepa mtima umathamanga kuti ufikitse mpweya m'thupi lonse, pamene mimba yauwonjezera kale ntchito. Dothi lina la mtapo limamanganso potaziyamu m'matumbo. Kumukalipira sikuthandiza. Auze anamwino ku sikelo, ayezetse magazi, ndipo amwe mapiritsi a ayironi aja osawabisa pansi pa mphasa. Ambiri magazi akakwera chilakolako cha dothi chimatha chokha.

Nanga wodya kwambiri mobisa uja, mtima wake uli pabwino poti sakusanza?

Ngozi yake imabwera mochedwa: kunenepa kwambiri, BP yokwera, shuga, mafuta m'mitsempha, kenako sitiroko kapena mtima kukula. Kumuseka kuti ndi wadyera kumangomuwonjezera kubisa.

Pano nditchulenso mbali ina imene ili yathuyathu. Alipo atsikana ndi amayi amene akumwa mapiritsi kuti anenepe, atuluke mbina, kapena kuti anthu asiye kuwanena za kachilombo. Ena mwa mapiritsiwo ndi dexametasona kapena prednisolona. Amatupitsa nkhope ndi mimba, amakweza BP ndi shuga, amasunga madzi m'thupi ndipo amatsitsa potaziyamu. Amene wawamwa kwa milungu asawasiye mwadzidzidzi, apite kuchipatala akamutsitsire pang'onopang'ono.

Anyamata nawo amadwala?

Amadwala, ndipo amachedwa kudziwika chifukwa palibe msambo woima woti mayi azindikire. Mwa iwo zimaoneka ngati khama: kuthamanga, kunyamula zitsulo, kukana nsima ndi mafuta kuti pamimba pagawike. Werengani kugunda kwa mtima monga ndafotokozera.

Mwana ali kale ndi vuto la mtima kuyambira ali wamng'ono. Ndiye bwanji?

Asamalidwe kawiri. Matenda a zitseko za mtima obwera chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa ndi ofala m'dziko lathu. Kafukufuku wa ana a sukulu ku Maputo amene anasindikizidwa mu 2007 anawapeza mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000 alionse atawajambula mtima ndi makina. Ena mwa odwala otere amamwa furosemide, ena mankhwala a mtima otchedwa digoxina, ndipo digoxina amasanduka poizoni potaziyamu akatsika. Mwana wotere akayamba kusala kapena kusanza, dokotala wake adziwe sabata yomweyo.

Kodi mtima umachira, kapena wawonongeka mpaka kale?

Kwa ambiri umachira. Munthu akabwerera pa kulemera kwake, mnofu wa mtima umakulanso, madzi a m'kathumba aja amauma okha, BP imakwera, ndipo kugunda kumabwerera m'malo. Mchere umakonzeka m'masiku ochepa kusanza kukatha. Mnofu umatenga miyezi. Pa nthawi imeneyi mpira, kuthamanga, kutunga madzi kutali ndi kulima ziyambe zaima mpaka achipatala atavomereza, ndipo mwanayo adzakangana nanu pa zimenezi kuposa pa china chilichonse.

Maganizo ndi amene amachedwa, nthawi zina zaka, ndipo kubwerera m'mbuyo kumachitika. Kwa achinyamata, njira imene yaonetsa zotsatira zabwino inayambira ku chipatala cha Maudsley ku London, ndipo imaika makolo patsogolo: iwo ndi amene amasankha chakudya, amakhala naye pa mphasa mpaka amalize mlingo umene achipatala anena, ndipo amakhala nayebe ola limodzi akatha kudya kuti asapite kukasanza. Osamunyoza, osamumenya, osayamikira kuti wanenepa, chifukwa mawu amenewo kwa iye ndi mpeni. Agogo a mtsikana wa ku sukulu yogonera uja ndi amene anadzagwira ntchito imeneyi atatuluka m'chipatala. Tinawaphunzitsa kuyeza phala ndi kapu imodzi yomweyo, kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndi kuwerenga kugunda kwa mtima padzanja m'mawa uliwonse. Kulemba sadziwa, choncho mdzukulu wina ankawalembera manambala kuseri kwa kalendala ya mpingo. Atabwera nayo patatha miyezi iwiri, mzere woyamba unali 44, womaliza 68.